Minibasi Yosamwa Mafuta

Panyanja, 6 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi, ndiponso kuti msana uja wasiya kukuvutani mukakhalitsa pachiwongolero. Ine kuno ndili bwino. Chizungulire cha masabata oyamba chinatha, tsopano ndikuyenda ngati ndinabadwira pamadzi. Ndikulemba pamanja monga munafunira. Ndijambula ndi foni, ndipo kalatayi ifika pafoni ya Amayi tikaima padoko.

Munafunsa kuti sitimayi imapita kuti. Bambo, sipita kulikonse, imangozungulira. Anthu amakwera padoko, tiyenda nawo masabata awiri, tiwaonetsa zilumba, kenako tiwatsitsa pomwe anakwerera, iwo n'kumathokoza. Tangoganizani inuyo mutanyamula anthu pa depoti, kuzungulira nawo tauni yonse, n'kuwabweza pa depoti pomwepo. Bwenzi atakuphwanyirani galasi.

Sitimayi ndi tauni yathunthu yoyandama. Pamwamba penipeni pali dziwe losambiramo, madzi pamwamba pa madzi. Ine ndimagwira pa desiki ya alendo, moyang'anizana ndi masitepe agalasi ndi piyano yomwe imadziimba yokha. Kuno sitinena kuti mapasenjala, timati alendo. Kiyi ikatayika, ine. Shawa ikazizira, ine. Mvula ikagwa pachilumba, inenso.

Tsopano nkhani yaikulu. Mu Julayi mutuluka malo a wachiwiri kwa bwana wa desiki. Nyota yagolide paphewa, kachipinda kokhala ndi windo, malipiro pafupifupi kuwirikiza. Abwana athu, amene timawatchula a Wotchi chifukwa amakuyang'ana kumaso kamodzi, padzanja pawo kawiri, andiuza kuti dzina langa lili pamwamba. Bambo, nyota imeneyo ndiyo minibasi yanu. Pitani kwa amakanika muwauze kuti yoyera ija asagulitse kwa munthu. Ndatumiza ya chikole, yotsalayo tidzamaliza mu Ogasiti. Zaka zonsezi mwakhala mukuyendetsera anthu ena, kupereka tageti madzulo, inu n'kufika kunyumba ndi fungo la dizilo lokhalokha. Zimenezo zithe chaka chino, osati cha mawa.

Kachipinda timagawana ndi mayi wina wa dziko lina, woyala mabedi a alendo. Bedi lawo lili pansi, langa pamwamba. Ndimawatchula Anti Mathawulo, chifukwa akamaliza kuyala amapinda thawulo n'kukhala tsekwe, nyani kapena njovu, n'kuisiya pabedi kuti mlendo akalowa aseke. Manja awo amachita ngati akukanda mtanda, mwadzidzidzi chitamba chatuluka.

Kathu kalibe windo. Ndiye m'mawa ndisanayambe ntchito ndimathamangira kumbuyo kwa sitima, kumene antchito timaloledwa, kukayang'ana njira yoyera imene timasiya pamadzi. Imakhala ngati msewu watsopano, wopanda maenje, wopanda wokuimitsa. Ndimakuonani mukubwera pamenepo, chigongono pawindo.

Kukumveka mphekesera yoti mafuta akwera ndipo kampani iwonjezera kenakake pa bilu ya alendo. Si zanga zimenezo.

Ndine mwana wanu uja munamutcha dzina chifukwa chothamanga asanakwawe,
Changu


Padoko, 25 Malichi

Bambo wanga,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti amakanika alandira chikole ndipo yoyera ija aiphimba ndi lona. Za msana mwabisa, koma Amayi aulula. Gulani mankhwala opaka aja, musadikire kuti uchite kukugwetsani.

Zamafuta zija zakhala zanga ndithu. Madola khumi ndi awiri patsiku, mutu uliwonse, ngakhale khanda. Kalata ya kampani anailowetsa pansi pa chitseko chilichonse, ndipo m'mawa mwake mzere wa pa desiki yanga unafika pa piyano, kukhota, kukwera masitepe agalasi.

Ndikanakonda mukanaona. Anthu awa tikiti yawo ndi mtengo wa injini ya minibasi, koma timadola timeneti tawalasa ngati munga m'nsapato. Bambo wina wamimba anafuna kuti ndimuperekeze akawaone mafutawo ndi maso ake. Mayi wina anati iye ndi wowonda, sitima simva kulemera kwake, choncho alipire theka. Mwamuna wake anangoima pambali, maso kudenga. Nkhalamba ina inandinong'oneza kuti yapeza njira: ikudya kadzutsa kawiri ndi chamadzulo katatu mpaka ndalama yake ibwerere. Ndaiona dzulo ikuyenda itagwira khoma. Winanso akumasiya magetsi onse oyaka ndi mpopi wotsegula, akuti mafuta amene walipirawo agwire ntchito.

Ena sakalipa. Mtsikana wina ndi mwamuna wake, angokwatirana kumene, anabwera mzere utatha. Ulendowu anausungira ndalama zaka. Anafunsa motsitsa mawu ngati angabweze matikiti okaonera mathithi pachilumba kuti apeze ya mafuta. Amenewo ndi amene anandikhala pamtima.

Yankho tili nalo limodzi, anachita kutilembera: "Tikumvetsa mmene mukumvera." Ndalinena mpaka lasalala mkamwa ngati mwala wa mumtsinje. Digiri yonse ija, Bambo! Ndiye ndinakhala pansi n'kulemba masamba atatu a maganizo anga: anthu aziuzidwa asanakwere, zonse ziziikidwa pa tikiti kamodzi, ana asamalipire. Ndinapereka kwa a Wotchi. Anayang'ana tsamba loyamba, anayang'ana wotchi, n'kunena kuti, "Mutu uli nawo. Usunge mpaka Julayi." Julayi! Ngati kuti maganizo ndi nyemba zouma.

A kaputeni nawo achepetsa liwiro kuti tisamamwe mafuta ambiri. Sitima ikuyenda ngati munthu wotuluka m'tchalitchi. Mbalame zoyera zikumatera pazitsulo n'kukwera ulere. Msewu wanga wakumbuyo uja waonda, wangotsala ngati ulusi. Madzulo dzuwa limachedwa kulowa, nyanja imasanduka mkuwa wosungunuka, ndipo alendo omwe anandikalipira m'mawa amaima chete, matambula m'manja, nkhope zofewa ngati ana ongodzuka kumene. N'zokongola, sindikana. Koma ine ndimafuna nditsike ndikaikankhe.

Yambani kuganiza zolemba pagalasi lakumbuyo. Ine ndikuti tilembepo CHANGU. Amayi asabweretse vesi lalitali, galasilo ndi laling'ono.

Mwana wanu,
Changu


Panyanja, 14 Epulo

Okondedwa Bambo,

Ndili bwino, kaya inu ndi Amayi. Ndatumiza ya mwezi uno. Ya magetsi ndi ya mankhwala muchotsepo, yotsalayo ipite kumene timasunga ya minibasi. Amalume akabwera ndi nkhani ya nkhuku zawo, muwauze kuti foni yanga inagwera m'nyanja.

Munalemba kuti nanunso mwakweza mtengo, ndipo mapasenjala akumutukwana kondakitala wanu ngati iyeyo ndiye mwini chitsime cha mafuta. Mumupatse moni. Mumuuze kuti ali ndi mnzake wa malaya oyera panyanja.

Kuno alendo apeza njira ina. Ndifotokoze bwino. Pa bilu pamakhala mzere wina umene unalipo kalekale, ndalama ya zikomo. Imeneyo sipita kukampani. Imagawidwa kwa oyala mabedi, operekera zakudya ndi otsuka mbale. Kwa anthu ngati Anti, malipiro enieni ndi amenewo, a kampaniwo ndi ongogulira sopo. Tsono ya mafuta mlendo sangaikane. Koma ya zikomo angathe kuichotsa, bola abwere pa desiki n'kunena. Wina wanzeru zake analemba zimenezi pa intaneti: akakuwonjezerani ya mafuta, chotsani ya zikomo, mufanane. Ndiye alendo akumakwera akudziwa kale. Ena sakufika n'kuchipinda komwe, chikwama chili m'manja, ali pamzere.

Lamulo la pa desiki ndi ili: osafunsa chifukwa, osatchula kumene ndalamayo imapita, kumwetulira, kudina batani, n'kunena kuti "zatheka". Chala chodinacho ndi changa, Bambo. Amachoka akunyadira, mapewa m'mwamba, ngati aimenya kampani chibakera cha pamphuno. Kampaniyo ili phee, sinamve n'kuyabwa komwe.

Anti sadandaula. Koma kale ankalankhula ndi ana awo pafoni tsiku lililonse, tsopano ndi Lamlungu lokha, chifukwa intaneti ya antchito timachita kugula. Nyama zija sanasiye. Ndinawafunsa kuti, "Anti, bwanji osangozisiya njovuzi? Anthu ake sakuthokozani."

Iwo anati, "Nanga thawulo lalakwanji?"

Ndinalota sitima itatha mafuta pakati pa nyanja. Zitseko zonse zinatseguka, nyama za mathawulo n'kutuluka, atsekwe patsogolo, anyani pakati, njovu pambuyo. Zinatsikira pamadzi osanyowa, zinamanga zingwe, n'kuyamba kuikoka sitima pang'onopang'ono kupita kumene kumatuluka dzuwa. Alendo anawomba m'manja. Kenako wina anabwera pa desiki kudzafunsa ngati zimenezi zili kale pa tikiti.

A Wotchi akuti ndikuchita bwino. Akuti palibe amene amathetsa mzere msanga ngati ine. Julayi akuyandikira. Ndizingodina basi.

Lona lija muzikaliona ngati silinang'ambike.

Wanu,
Changu


Padoko, 3 Meyi

Bambo,

Moni. Ndili moyo, ndikudya, musade nkhawa.

Ya mwezi uno yachepako, kunali zina ndi zina. Amakanika musawauze kanthu, Ogasiti akadali kutali.

Andisinthako malo kwa kanthawi. Pano ndili pamwamba, padziwe, ndikupereka mathawulo kwa osambira. Mpweya ndi wabwino kusiyana ndi pa desiki. Kumwamba kuno ndi kwakukulu moti ukakuyang'anitsitsa umaiwala dzina lako. Dzulo mtambo wina unatitsatira kuchokera m'mawa mpaka madzulo, osatipitirira, osatsalira. Ndinaganiza kuti nawonso auchepetsera liwiro.

Kachipinda kathu kazizira masiku ano.

Amayi ndawalota atavala diresi yobiriwira ija. Muwapatse moni.

Changu


Panyanja, 21 Meyi

Okondedwa Bambo,

Ndalandira mawu anu. Mwati galimoto ikasintha kulira, woyendetsa amamva ngakhale wailesi ili pamwamba, ndiye ndinene chimene chagogoda. Chabwino. Msana bwanji? Ndayamba ndi funso kuti ndipeze mpweya.

Kumapeto kwa Epulo kunabwera mlendo wina wa chipewa chofiira, munthu wansangala, woseka ndi mimba yonse. Chipinda chake ankayala ndi Anti. Anafika pa desiki foni ili m'manja, akuseka asanalankhule.

"Taona, mwana wanga, taona ichi!"

Chinali chithunzi cha njovu ya thawulo itakhala papilo, itavala magalasi ake owerengera, nyuzipepala ili patsogolo pake.

"Ndatumizira adzukulu anga onse," anatero. "Ulendo wonse uno, chinthu chabwino ndi chimenechi. Tsono undichotsere ya zikomo ija. Kampani yanuyi iphunzire kuti ife si ana."

Chala changa chinali kale pa batani. Ndikanangodina, Bambo. Ndadina kambirimbiri. Koma njovu ija inali ikundiyang'anabe m'magalasi.

Ndinati, "Bwana, ndichotsa. Koma mudziwe kuti kampani simva kanthu. Amene amve ndi mayi amene anapinda njovu imeneyo."

Ndipo sindinanong'one. Mukundidziwa. Mzere wonse unamva, piyano yokha ndiyo inapitiriza. Anthu angapo anayang'anana n'kuchoka pamzere mwakachetechete, ngati akumbukira kuti anasiya madzi pamoto. Mtima wanga unavina. Ndinati basi, zinthu zimasintha chonchi, ndi chiganizo chimodzi.

Nkhope ya bambo uja inafanana ndi chipewa chake. "Ukundichititsa manyazi pagulu? Ndalipira kuti mwana wa pa desiki andilalikire?" Anati ndichotse, ndinachotsa. Kenako anapempha pepala la madandaulo.

A Wotchi anandiitanira mu ofesi. Kwa nthawi yoyamba sanayang'ane padzanja, anandiyang'ana ine mpaka ndinalakalaka wotchi ija. Anati, "Zimene unanenazo ndi zoona. Koma sitinakuike pa desiki kuti uzinena zoona. Ukanadikira nyota, ukanazinena m'chipinda chimene anthu amamva." Anandilembera chenjezo, anandidula ya bonasi, n'kunditumiza kudziwe.

Zimenezo ndikanapirira. Chondipweteka ndi ichi: anawaitananso Anti, kuwafunsa ngati ndiwo anandituma kukapemphetsa kwa alendo. Mayi amene wagwira m'sitima muno kuyambira ine ndili ku pulayimale, osaitanidwapo mu ofesi. Atabwerako anakhala pabedi lawo osavula nsapato.

"Anakutuma ndani?"

"Anti, ndimafuna kukuthandizani."

"Iwe uli ndi pepala la sukulu. Akakuchotsa kuno upita nalo kwina. Ine ndili ndi manja awa basi, ndi ana atatu. Ukafuna kumenya nkhondo uzimenya ndi dzina lako, osati ndi njovu yanga."

Chichokereni tsiku limenelo sitinalankhulane. Kachipinda koti ukatembenuka umagunda mnzako, koma tikukwanitsa kusagundana.

Za nyota sananene kuti yapita. Sananenenso kuti ilipo. Lona likhalebe pomwepo.

Ndine mwana wanu,
Changu


Padoko, 9 Julayi

Bambo wanga,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Nyota apatsa mnzanga wina wa pa desiki, mnyamata waulemu amene sanalembepo tsamba ngakhale limodzi la maganizo. Ikumukhala bwino. Ndinamugwira chanza.

Pitani kwa amakanika muwauze zoona. Ogasiti sinditha. Ngati pali wina wofuna, asamukanize chifukwa cha ife. Muwapemphe abweze chikole, ngakhale atadulapo ya lona. Pepani, Bambo. Ndinakukwezani minibasi ya m'maloto, ndakutsitsirani panjira.

Mumve izi museke. Mafuta atsika, ndipo kampani yachotsa madola aja. Kalata ina yalowa pansi pa zitseko, yodzaza ndi mawu okoma. Koma mzere wochotsa ya zikomo sunathe. Anthu anazolowera. Ndimauona ndikamatsika ndi mathawulo akuda, wafika pa piyano ngati kale.

Liwiro a kaputeni sanabwezere. Akuti alendo akukonda kuyenda pang'onopang'ono.

Changu


Panyanja, 2 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi Amayi. Ndamva kuti yoyera ija yapita, ndipo lona munathandiza kuchotsa ndi manja anu, n'kumuuzanso wogulayo kuti giya yachiwiri imafuna kunyengerera. Ndinawerenga pamenepo ndili kumbuyo kwa sitima, ndipo mphepo inandithandiza kupukuta kumaso. Mwati msana ukadali ndi chaka china mkati mwake. Musaunamizire. Chikole chabweracho musachikhudze, ndiye poyambira.

Ndasaina kontirakiti ina. Ndikhalabe padziwe, mwina mpaka chenjezo lija litafufutika. Musaganize kuti ndazizira. Masamba atatu aja tsopano ndi asanu ndi awiri, ndipo mfundo yoyamba ndi yoti ya zikomo ilowe mu tikiti, pasakhalenso batani loti munthu adine. Ulendo uno ndikuyamba ndafunsa eni ake. Ndikumapita kochapira, kukhitchini, kwa oyala mabedi, kuwawerengera, iwo n'kumandikonza. Wofuna kuikapo dzina aika, wosafuna ayi. Zikuchedwa koopsa. Tsiku lina ndinatsala pang'ono kuluma cholembera.

Lamlungu lapitali ndinali padziwe m'mawa, alendo asanadzuke. Nyanja inali yosalala ngati mbale, kumwamba ndi madzi zitagwirana moti sitima inkaoneka ngati yapachikidwa pakati. Ndinatenga thawulo limodzi n'kuyesa kupinda tsekwe, kutsanzira mmene ndinkaonera. Khosi linakana. Ndinayesa njovu, chitamba chinagwa. Ndikumva kumbuyo kwanga munthu akuti, "Ukulipha thawulolo."

Anali Anti, atanyamula mapilo. Mawu oyamba chichokereni Epulo.

Anaika mapilo pampando, anandigwira manja n'kumawayendetsa. "Pang'onopang'ono, iwe. Ukupinda ngati sitima ikumira." Tinayesa kangapo. Chilichonse chimene ndapinda chimatuluka chimodzimodzi, chamakona anayi, chonenepa kumbuyo, chopanda khosi, chopanda mchira. Anti anachizungulira, anachiyang'ana uku ndi uku, kenako anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mwana iwe, nyama imeneyi kwathu kulibe. Imeneyi ndi basi."

Anatenga timathawulo tinayi takumaso, anatikulunga, n'kutiika m'munsi ngati matayala. Ine ndinabwereka magalasi adzuwa amene mlendo wina anaiwala, ndinawaika kutsogolo. Tinaiimika m'mphepete mwa dziwe, nyanja yonse ili kumbuyo kwake.

Ponyamula mapilo awo anati, "Mapepala akowo ubwere nawo madzulo. Undiwerengere kaye, dzina ndiona ndekha."

Chithunzi chikubwera pamodzi ndi kalatayi. Ndi yoyera, ngati ija. Simwa mafuta, ilibe tageti, ndipo palibe pasenjala amene angatukwane kondakitala wake. Muisunge pafoni ya Amayi mpaka ndibweretse yachitsulo. Galasi lakumbuyo ndasiya losalemba. Amayi abweretse vesi lawo lija, ngakhale lalitali, nthawi yoliwerenga ilipo.

Ndine mwana wanu,
Changu